Zitsulo za m'galimoto yanu: n'cifukwa ciani makampani ena apambana pamene ena agwa?

Tsegulani boneti ya Hilux, Corolla kapena Hiace imene imakunyamulani popita ku boma, muwerenge maina olembedwa pa zitsulo za m'katimo. Dzina la Toyota mudzaliona pa injini, koma pa sitata ndi pa alitaneta mudzapeza Denso, pa mapulagi mwina NGK, ndipo amakanika adzakuuzani kuti giyabokosi ndi pampu ya madzi nthawi zambiri ndi za Aisin. A Toyota eni ake amanena kuti galimoto imodzi ili ndi zipangizo pafupi-fupi 30,000, kuwerengera ndi timabauti tomwe. Zambiri mwa izo sizipangidwa ndi kampani imene dzina lake lili kutsogolo kwa galimotoyo. Zimagulidwa kwa makampani ena amene nchito yao ndi kupanga zipangizo cabe.

Izi zitanthauza kuti mlimi amene watenga nkhongole kugula Canter yonyamulira cimanga ku depoti waika ndalama zake, ndiponso moyo wake, m'manja mwa anthu amene sadzawaona. Ngati iwo anapanga bwino buleki yatsopano, iye adzafika. Ngati anathamangira phindu, adzamva ndi iyeyo pa zitunda za ku Manenekela. Tsono funso ndi lakuti: kodi kampani yopanga zipangizo imacita ciani kuti cinthu cake catsopano cilandiridwe, cigulidwe, ndi kukhala zaka zambiri cosapweteka munthu? Mbiri ya makampani a ku Japan ndi ku Germany iyankha bwino funsoli.

Kuitanidwa nchito isanayambe

Ca m'ma 1980 akatswiri awiri a pa Harvard, a Kim Clark ndi a Takahiro Fujimoto, anafufuza mmene magalimoto atsopano amakonzedwera ku Japan, ku America ndi ku Ulaya. Buku lao linatuluka mu 1991. Anapeza kuti ku America, pa ndalama 100 zilizonse zogulira zipangizo, pafupi-fupi 81 zinali za zinthu zimene kampani ya galimoto inajambula yokha mpaka kumapeto, n'kungoitana opanga zipangizo kuti apikisane pa mtengo. Ku Japan zinali zosiyana. Pafupi-fupi 62 pa 100 zinali za zinthu zimene kampani ya galimoto inangonena kukula kwake, nchito yake ndi mtengo wake, ndipo wopanga zipangizo ndiye anajambula zam'kati. Ziwerengero za nthawi yomweyo zinaonetsa kuti galimoto yatsopano inali kutenga miyezi ngati 46 ku Japan pamene ku America inali kutenga miyezi ngati 60.

Aliyense amene anapangitsako ngolo ya ng'ombe aimvetsa nkhaniyi. Mukaitana wowocherera mutadula kale matabwa, iye angocita zimene mwanena, ngakhale aona kuti ekiselo simulowa. Koma mukamuitana pa ciyambi, adzakuuzani kuti mucepetseko m'lifupi kuti ekiselo ya galimoto yakale ikwane, ndipo mudzapulumutsa matabwa ndi ndalama. Ku Japan mainjiniya a makampani a zipangizo amatumizidwa kukakhala m'maofesi a kampani ya galimoto kwa miyezi yambiri, ena kwa zaka, kujambula pa tebulo limodzi ndi eni galimoto. Colakwa cimene cagwidwa pa pepala cifuna raba cabe. Cikagwidwa makina atagulidwa kale, cifuna mamiliyoni.

Koma palibe amene angaulule nzeru zake kwa munthu amene mawa adzazipereka kwa mnzake. Mu 1992 kampani ya General Motors inaika a José Ignacio López kukhala mkulu wogula zipangizo. Iwo anatsegulanso mapangano amene anali atasainidwa kale ndi kulamula kuti mitengo itsike, ndipo opanga zipangizo ambiri anadandaula kuti mapulani ao anali kuonetsedwa kwa opikisana nao kuti apezeke wochipa. Ndalama zinapulumutsidwa ndithu m'caka cimeneco. A López anacoka mu 1993 kupita ku Volkswagen, koma kusakhulupirirana kumene anasiya kunatenga zaka kuti kuthe. Wopanga zipangizo amene walumidwapo kamodzi, nzeru yake yatsopano amayamba kuipereka kwa wogula wina.

Za mtengo tinene mwacidule. Makampani opambana sayamba ndi kupanga cinthu kenaka n'kufunsa kuti cigulitsidwe zingati. Amayamba ndi mtengo umene wogula galimoto angakwanitse, n'kuugawa pa cipangizo ciliconse, ndipo mainjiniya amauzidwa kuti apeze njira yofikira pamenepo popanda kuononga ubwino wake. Mau akuti "popanda kuononga" muwasunge, tidzawafunanso kutsogoloku.

Zaka zambiri zopanda phindu

Madiraiva ambiri lero amadziwa kanyali kolembedwa ABS pa dashibodi. Nchito ya ABS ndi kuletsa matayala kuuma gwa mukaponda buleki mwamphamvu, kuti galimoto isaterereke ndipo muthe kuiwongolera. Kampani ya Teldix ya ku Germany inayamba kulimbana ndi nzeruyi ca m'ma 1960. Mtundu wao woyamba unagwira nchito, koma bokosi lake lamagetsi linali ndi tizipangizo pafupi-fupi 1,000, ndipo kalikonse mwa ito kakanatha kufa pa mseu. Buleki yotero simungaigulitse. Kampani ya Bosch ya ku Stuttgart, imene a Robert Bosch anayambitsa mu 1886, inatenga nchitoyo mu 1975 ndi kucepetsa tizipangizoto kufika pa 140. Mu 1978 ABS inayamba kuikidwa mu Mercedes-Benz ya mtundu wa S-Class.

Taonani pamene panagona cipambano. Nzeru inalipo kale. Cimene cinasowa cinali kuipeputsa mpaka ikhale yodalirika, ndipo zimenezo zinafuna zaka zoposa 10 za kulipira mainjiniya popanda kugulitsa kanthu. Mbali ina ya kuyesako imacitikira kumpoto kwa Sweden, kufupi ndi Arjeplog, kumene nyanja zimauma ndi cisanu mpaka magalimoto n'kumathamanga pamwamba pake. Ife a kuno, amene timadandaula ndi mphepo ya mu Juni, tingoti zikomo kuti ena anatipitirako.

Mwai naonso umathandiza, koma umapeza amene wakonzeka. Mu 1995 Bosch ndi Mercedes anatulutsa ESP, makina amene amagwira buleki ya tayala limodzi-limodzi galimoto ikayamba kupotoka pa kona. Poyamba anali a magalimoto odula okha. Mu Okutobala 1997 atolankhani a magazini ya Teknikens Värld ku Sweden anayesa Mercedes yaing'ono yatsopano ya A-Class, kuikhotetsa mwadzidzidzi monga mmene diraiva amazembera nyama yaikulu yonga nchefu pa mseu. Galimotoyo inagubuduzika. Mercedes anaimitsa kugulitsa, anakonzanso miyendo yake, ndipo anaika ESP mu A-Class iliyonse. Opikisana nao anakakamizika kutsatira. Bosch anali ndi cinthu coyesedwa kale pa tsiku limene dziko linacifuna.

Woyambitsa si ndiye amadya nthawi zonse

Alimi amene ali ndi Hilux yolembedwa D-4D ali ndi injini ya dizilo ya mtundu umene amakanika amaucha common rail. Dizilo imasungidwa m'paipi imodzi itapanikizidwa koopsa, ndipo kompyuta ndiyo imatsegula mainjekita pa nthawi yake. M'magalimoto ang'ono oyamba mphamvu yopanikizayo inali kufika mabaa 1,350, pamene tayala la Corolla timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono cabe. N'cifukwa cake injini zimenezi zimakoka bwino ndi kumwa mafuta ocepa, komanso n'cifukwa cake sizigwirizana ndi dizilo ya m'zigubu yokhala ndi madzi kapena fumbi. Timabowo ta injekita ndi tating'ono kwambiri, ndipo mtengo wa injekita imodzi umaliritsa mwamuna wamkulu.

Ku Ulaya nzeruyi inakulira m'makampani a gulu la Fiat ku Italy. Koma kupanga injekita imodzi yabwino m'cipinda coyesera ndi nkhani ina, kupanga mamiliyoni ofanana ndendende ndi nkhani inanso. Mu 1994 a Fiat anagulitsa nzeruyo kwa Bosch, amene anali ndi mafakitale ndi luso la mapampu a dizilo kuyambira kale. Galimoto yaing'ono yoyamba kukhala nayo inali Alfa Romeo 156 mu 1997, ndipo phindu lalikulu la zaka zotsatira linapita ku Stuttgart. Ku Japan a Denso anali atayamba kale kuika mtundu wao m'malole a Hino mu 1995.

Denso yomweyo inayamba monga wophunzira. Inapatuka ku Toyota mu 1949 ndi dzina lakuti Nippondenso, ndipo mu 1953 inapangana ndi Bosch kuti iphunzire luso lao. Sinacite manyazi kukhala pansi pa mphunzitsi, ndipo lero ili pakati pa makampani aakulu koposa a zipangizo pa dziko lonse. Pongodutsa: kabokosi ka timadontho takuda kamene mumajambula ndi foni, kochedwa QR, kanapangidwa mu 1994 ndi gulu la a Masahiro Hara a ku Denso. Colinga cao cinali kulondola mabokosi a zipangizo m'fakitale, osati kulipirira zinthu m'sitolo.

Moto wa ku Kariya

Pa Ciwelu, 1 Febuluwale 1997, m'bandakuca, fakitale ya Aisin mu mzinda wa Kariya inapsa. M'menemo ndimo munali kupangidwa kavalavu kogawa mphamvu ya buleki pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ndi kacitsulo kokwana m'dzanja, ka madola ocepa, koma pafupi-fupi galimoto iliyonse ya Toyota inali kudalira fakitale imodziyo. Popeza Toyota sasunga katundu wambiri m'nkhokwe, m'masiku ocepa mafakitale ake anaima. Ambiri anaganiza kuti papita milungu.

A Aisin anacita cinthu cimene makampani ambiri amaopa: anatumiza mapulani a kavalavuko kwa aliyense amene anati angayese, ndi kutumanso mainjiniya ao kukawathandiza. Makampani oposa 200 anatengako mbali, ndipo pafupi-fupi 60 mwa iwo anayamba kupanga mavalavu eni-eni, ambiri asanapangepo n'kale lonse. Ngakhale Brother, kampani imene amai ambiri amaidziwa kamba ka makina osokera, inasintha makina ake n'kumatulutsa mavalavu ngati 40 pa tsiku. Sabata isanathe magalimoto anayambanso kutuluka. Pambuyo pake Toyota anathokoza makampani amene amamugulitsa zipangizo mwacindunji powapatsa ndalama yofanana ndi 1 pa 100 ya zimene anamugulitsa kuyambira Januwale mpaka Marichi caka cimeneco.

Nkhaniyi imakambidwa kawiri-kawiri monga citsanzo ca umodzi, ndipo ndi zoona. Anthu amene akhala zaka akuyenderana m'mafakitale ndi kuthandizana pa mavuto ang'ono-ang'ono safuna loya kuti ayambe nchito tsiku la tsoka. Koma kwa ine phunziro lina ndi limene motowo unavumbula. Kavalavu kamodziko kanali ndi mitundu yoposa 100, ndipo kanali kupangidwa pa makina apadera a fakitale imodzi. Mtundu uliwonse unayamba ndi injiniya amene anafuna kusinthako pang'ono kuti ugwirizane ndi galimoto yake. Wopanga zipangizo wanzeru amadziwa kufunsa kasitomala wake kuti: kodi cimene tili naco kale sicingakwane? Yense amene anazungulirapo masitolo a maspeya mu Lusaka tsiku lonse, kufuna kacitsulo kosiyana ndi kanzake pa bauti imodzi yokha, adzavomereza.

Feteleza m'ciwongolero

Tibwerere tsopano ku mau aja akuti "popanda kuononga". Kampani ya Takata ya ku Japan inayamba mu 1933 ndi nchito ya nsalu, kenaka inachuka ndi malamba a m'galimoto, ndipo pambuyo pake inalowa m'kupanga airbag, cikwama cija cimene cimafufuma kucokera m'ciwongolero pa ngozi. Kuseri kwa cikwamaco kuli kabotolo kacitsulo kokhala ndi mankhwala amene amayaka m'kuphethira kwa diso ndi kutulutsa mpweya. Ca m'ma 2000 Takata anasiya mankhwala odula amene anali kugwiritsa nchito n'kuyamba ammonium nitrate, amene ndi ochipa kwambiri.

Alimi dzinali sakulimva koyamba. Ndi feteleza wobereketsa uja amene fakitale ya ku Kafue inadziwika naye, ndipo ndi mankhwala omwewo amene amaphwanyira miyala ku migodi. Mlimi aliyense adziwa cimene cimacitika thumba likagona pa cinyezi: limayamwa madzi, limaundana, silikhalanso monga linabwerera. M'kabotolo ka Takata munali kucitika zofanana. Pakapita zaka za kutentha masana, kuzizira usiku ndi cinyezi colowa pang'ono-pang'ono, mankhwalawo anali kusintha. Tsiku la ngozi anali kuyaka mofulumira kopitirira, kabotolo n'kuphulika, zidutswa za citsulo n'kulasa diraiva kumaso ndi pakhosi. Cinthu coikidwa kuti cipulumutse munthu cinasanduka mfuti yomulozera.

Kodi palibe amene anacenjeza? Analipo. Ena mwa mainjiniya akale a Takata ananena poyera pambuyo pake kuti anakana mankhwalawo pa ciyambi pomwe. Nyuzipepala ya New York Times inalemba mu 2016 kuti kampani ya Autoliv ya ku Sweden, itapemphedwa kupanga kabotolo kochipa kofanana ndi ka Takata, inayesa ndi kukana, ngakhale kuti kukanako kunatanthauza kutaya malonda. Kusiyana kwa mtengo kunali madola ocepa pa cikwama cimodzi.

Coipitsitsa cinali ca m'cipinda coyesera. Mu Febuluwale 2017 Takata anavomera mlandu m'khoti ku Detroit kuti anapereka zotsatira zabodza za mayeso kwa makampani a magalimoto, ndipo anagwirizana kulipira madola 1 biliyoni. Honda anali ataitanitsa magalimoto oyamba pafupi-fupi 4,000 mu Novembala 2008. Pomaliza, ku America kokha mabotolo pafupi-fupi 67 miliyoni anafunika kusinthidwa, ndipo anthu oposa 25 anafa m'dzikolo. Ena anafa ku Malaysia, dziko lotentha ndi lacinyezi. Mu Juni 2017 Takata inagwa ndi nkhongole, ndipo mafakitale ake anagulidwa ndi kampani imene lero ichedwa Joyson Safety Systems.

Takata anali ndi zambiri mwa zimene tachula pamwambapa. Anali pafupi ndi makasitomala ake, anali ndi mafakitale aakulu, anafika pa mtengo umene ogula anafuna. Cimene analibe ndi njira yoti injiniya wamng'ono anene kuti "ici sicili bwino" ndipo nchito iime. Pa mfundo zonse za nkhani ino, imeneyi ndiyo ndiiona kukhala yovuta koposa, cifukwa siigulidwa ndi ndalama ndipo siioneka pa pepala la woyendera fakitale. Mayeso amene zotsatira zake zimakonzedwa kuti zikondweretse bwana ndi oipa kuposa kusayesa n'komwe, popeza amagoneka tulo aliyense.

Nkhaniyi itikhudza ife mwacindunji. Magalimoto ambiri a m'dziko lino anabwera ogwiritsidwa kale nchito kucokera ku Japan, ndipo mabotolo a Takata anaikidwa m'mitundu yambiri ya Toyota, Honda, Nissan, Mazda ndi Subaru ya zaka za m'ma 2000. Kuyambira mu Meyi 2018 boma la Japan linayamba kukana kupereka ciphaso ca pa mseu kwa magalimoto okhala ndi mabotolo oopsa kwambiri amene sanasinthidwe. Galimoto imene inakwera sitima isanakonzedwe ingakhale ikali ndi kabotolo kakale, ndipo kutentha kwa ku cigwa ca Luangwa pamodzi ndi cinyezi ca dzinja sizikacitira cifundo. Makampani a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati galimoto yake inaitanidwa. Amene alibe intaneti apite ndi nambalayo kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimoto yake akafunse. Ndipo airbag yocotsedwa m'galimoto yakugwa, yogulitsidwa pa msika, musailole m'ciwongolero canu ngakhale ichipe bwanji.

Nanga mkuwa wathu?

Magalimoto amagetsi asokoneza onse. Alibe mapulagi, alibe mainjekita, alibe pampu ya dizilo. Kampani ya NGK Spark Plug inafika posintha dzina lake la Cingelezi mu 2023 kukhala Niterra, kuti isamangodziwika ndi pulagi. Bosch anawerengera mu 2018 kuti kupanga mabatire a magalimoto amagetsi kukanafuna mayuro pafupi-fupi 20 biliyoni, ndipo anasankha kusalowamo. Kudziwa cinthu cosayenera kuyamba nakonso ndi luso.

Galimoto yamagetsi imadya mkuwa kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi ya petulo, ndipo apa ndi pamene dzina la Zambia limamveka. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo anasainirana pangano logwirira pamodzi nchito ya zipangizo za mabatire. Akulu-akulu akumbuka kuti ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat kuyambira m'ma 1970, koma zipangizo zake zambiri zinali kubwera m'mabokosi kucokera kunja, ndipo fakitaleyo inatsekedwa. Kulumikiza si kupanga. Ku Luanshya a ZAMEFA amapanga nthambo za mkuwa, pamene anansi athu a ku Botswana ali ndi mafakitale omanga mitolo ya nthambo za m'galimoto yopita ku mafakitale a magalimoto ku South Africa.

Kuti kampani ilowe pa mzere umenewo, kukhala pafupi ndi mgodi sikukwanira. Makampani ambiri a magalimoto amafuna kuti fakitale ikhale ndi ciphaso cochedwa IATF 16949, cimene cinayamba mu 2016. Asanapereke oda, amafuna zitsanzo zopangidwa pa makina eni-eni, ndi anchito eni-eni, pa liwiro limene fakitale idzayendera tsiku ndi tsiku, osati zosankhidwa ndi manja. Amafunanso ndandanda ya njira zonse zimene cipangizoco cingafere, ndi cimene cakonzedwa pa iliyonse. Akavomereza, wopanga saloledwa kusintha mankhwala, makina kapena kumene amagula mkuwa popanda kuuza kasitomala ndi kuyesanso.